Utsi wa pamoto, mbaula zamakono ndi thanzi la amayi: zimene kafukufuku wapeza

Funso lochokera ku Ndirande: "Ndine wapampando wa gulu la amayi la banki mkhonde. Kwa zaka zingapo takhala tikulimbikitsana kugula mbaula zosawononga nkhuni ndi makala, chifukwa alangizi anatiuza kuti zimateteza amayi ndi ana ku matenda a m'chifuwa komanso zimasamala mitengo. Posachedwapa mwana wanga amene akuphunzira unamwino wandiuza kuti kafukufuku amene anachitika ku Chikwawa anapeza kuti mbaula zotere sizichepetsa chibayo. Kodi ndiye kuti utsi ulibe vuto? Nanga ndikawauze chiyani amayi anzanga, poti ena anachita kutenga ngongole kuti agule mbaulazo?"

Mayi, zimene mwana wanu wakuuzani ndi zoona, ndipo kafukufuku wa ku Chikwawayo ndi mmodzi mwa akuluakulu amene anachitikapo padziko lonse pa nkhani ya mbaula. Komabe zotsatira zake sizikutanthauza kuti utsi ulibe vuto, ndiponso sizikutanthauza kuti amayi amene anagula mbaula anataya ndalama. Chimene chinalakwika n'chakuti mbaula inalengezedwa ngati mankhwala, pomwe ubwino wake wotsimikizika uli pa ndalama, pa nthawi, pa ngozi za moto ndi pa mitengo. Kuti mukathe kufotokozera gulu lanu mosakayika, ndi bwino tiyambe ndi utsi weniweniwo.

Nkhuni kapena makala zikamayaka popanda mpweya wokwanira, zimatulutsa zinthu ziwiri zimene ife a zaumoyo timaziopa kwambiri. Choyamba ndi tizidutswa ting'onoting'ono ta mwaye timene akatswiri amatitcha PM2.5, tochepa pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi la munthu. Fumbi lalikulu limakodwa m'mphuno ndi kukhosi n'kutuluka ndi mamina kapena makhololo, koma tizidutswa timeneti timafika pansi penipeni pa mapapo, ndipo tina timalowa m'magazi n'kumatupitsa mitsempha pang'onopang'ono. Chachiwiri ndi mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa ka 200 poyerekeza ndi mpweya wabwino umene thupi limafuna. Makala amatulutsa utsi wooneka wochepa kusiyana ndi nkhuni, n'chifukwa chake anthu a m'tauni amaganiza kuti ali bwino, koma pa mpweya wachiwiriwu makala ndiwo oopsa kwambiri.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anamwalira ndi matenda okhudzana ndi utsi wa m'nyumba, ndipo oposa 237,000 mwa iwo anali ana osakwana zaka zisanu. Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti imfa zochuluka si za chifuwa. Kuposa theka zinali za matenda a mtima ndi sitiroko, kenako chibayo, kutsekeka kwa njira za mpweya m'mapapo ndi khansa ya m'mapapo. Kalembera wa dziko lino wa 2018 anaonetsa kuti mabanja pafupifupi 77 pa 100 alionse amaphikira nkhuni, 18 amaphikira makala, ndipo awiri okha ndi amene amaphikira magetsi. Munthu amene amawerama pamoto umenewo katatu pa tsiku, kuyambira ali mtsikana mpaka atakhala gogo, tonse tikumudziwa.

Kuno ku Blantyre kunachitikanso kafukufuku ku Chilomoni, amene anafalitsidwa mu 2016, woyeza mphamvu ya mapapo a anthu akuluakulu osankhidwa m'makomo mwawo. Anthu oposa anayi pa khumi alionse anapezeka ndi mapapo osagwira ntchito mokwanira, ndipo ambiri mwa iwo anali ndi mapapo osatha kulandira mpweya wochuluka monga mmene ziyenera kukhalira pa msinkhu wawo. Pa vuto lotere utsi sukhala wokha. Kunyentchera paubwana, chifuwa chachikulu cha TB, kachilombo ka HIV ndi chibayo chobwerezabwereza zimasiyanso zipsera m'mapapo. Mfundo imeneyi muigwiritsitse, chifukwa ndi imene ikufotokoza zambiri zimene zinachitika ku Chikwawa.

Kafukufuku amene mwana wanu akunena amadziwika ndi dzina lakuti CAPS, ndipo anachitika kuyambira kumapeto kwa 2013 mpaka 2016 ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga, motsogozedwa ndi sukulu ya Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi akatswiri a kuno kwathu. Anatsatira ana 10,750 osakwana zaka zisanu ochokera m'magulu a midzi 150. Midziyo inagawidwa pawiri mwa maere, kuti pasakhale kukondera komanso kuti mbali ziwirizo zifanane pa umphawi, pa zakudya ndi pa mtunda wopita kuchipatala. Mabanja a mbali imodzi analandira mbaula ziwiri za Philips, zokhala ndi kafani kopemerera moto, pamodzi ndi sola yotchajira batire, pomwe mabanja a mbali inayo anapitiriza kuphika pa mafuwa. Muzindikire kuti iyi sinali Chitetezo Mbaula yadothi imene timaidziwa. Inali mbaula yodula kwambiri, imene poyesedwa mu labotale inkachepetsa utsi kuposa mbaula zina zambiri za nkhuni.

Zotsatira zake zinatuluka mu magazini ya zachipatala ya The Lancet chakumayambiriro kwa 2017. Mbali zonse ziwiri, chibayo chinkagwira ana pafupifupi ka 16 pa ana 100 alionse pa chaka, ndipo panalibe kusiyana kulikonse kogwirika. Chimene chinasiyana ndi kupsa kosaopsa kwambiri, pomwe kupsa koopsa sikunasiyane. Ana a m'mabanja olandira mbaula anapsa ndi moto mochepa ndi 42 pa 100 poyerekeza ndi anzawo a pa mafuwa. 

N'chifukwa chiyani mbaula yabwino chotere inalephera kuchepetsa chibayo? Zifukwa zake ndi za moyo wa tsiku ndi tsiku. Mbaulazo zinkawonongeka kawirikawiri n'kumafuna kukonzedwa, zinkafuna nkhuni zoduladula tizidutswa, ndipo m'kupita kwa miyezi mabanja ambiri anayamba kuzigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo. Mayi wofuna kuphika nsima ya banja lalikulu, kutereka nyemba kapena kutenthetsa madzi osamba ankabwerera pa mafuwa, ndipo sindingamudzudzule, chifukwa mphika waukulu umafuna moto waukulu ndi pokhazikika polimba. Chinanso n'chakuti mwana sapuma utsi wa kukhitchini kwa amayi ake kokha. Amapuma wa kwa aneba, wa zinyalala zotenthedwa, wa tchire, wa uvuni wa njerwa, wa koloboyi ndi wa fodya. Komanso akatswiri anapeza kuti kuopsa kwa utsi sikutsika molingana ndi kuchepa kwake. Utsi ukakhala wochuluka kwambiri, kuuchepetsa ndi theka kumasiyabe munthu pa mlingo wovulaza, ndipo phindu lenileni limayamba kuoneka pamene watsika kwambiri. WHO mu 2021 inaika malire a PM2.5 pa mamaikulogalamu 5 mu kiyubiki mita imodzi ya mpweya pa chaka, pomwe khitchini yotsekeka yophikira nkhuni imafika m'mahandiredi nthawi yophika. Zili ngati denga lodontha malo khumi, limene mukamata pamodzi mkeka umanyowabe, ngakhale kuti pamene mwamatapo pasiyadi kudontha.

Kwa inu a ku Ndirande, kafukufuku woyandikira kwambiri moyo wanu ndi amene anachitika ku Nairobi m'dziko la Kenya, pakati pa mabanja pafupifupi 1,000 ophikira makala m'makwalala othithikana. Mabanja amene anagula mbaula ya makala yosawononga yotchedwa Jikokoa anachepetsa ndalama zogulira makala ndi pafupifupi 40 pa 100, zimene zinali ngati madola 120 a ku America pa chaka, pomwe mbaulayo mtengo wake unali madola 40. Akatswiriwo atabwerera patapita zaka zitatu ndi theka, anapeza kuti utsi wambiri umene mayi amapuma nthawi yophika unatsikadi, ndipo amayi ankadandaula mochepa za kutsokomola, mutu ndi kuyabwa kwa maso. Koma utsi wonse wa tsiku lathunthu sunasinthe kwenikweni, ndipo kuthamanga kwa magazi sikunasinthe, chifukwa mpweya wa dera lonselo unali woipa kale. Mukayang'ana Ndirande kapena Mbayani kuchokera pamtunda m'mawa wa mwezi wa July, mudzaona utsi utayala pamwamba pa malata, ndipo utsi umenewo sufunsa kuti nyumba iyi ili ndi mbaula yanji.

Pambuyo pa CAPS, akatswiri ambiri ananena kuti vuto ndi nkhunizo, ndipo kuti anthu atapatsidwa gasi zotsatira zikanakhala zina. Maganizo amenewa anayesedwa mu kafukufuku wamkulu wotchedwa HAPIN, amene anatenga amayi oyembekezera 3,200 ku Guatemala, India, Peru ndi Rwanda. Theka la amayiwo, osankhidwanso mwa maere, analandira mbaula ya gasi ndi gasi waulere kuyambira ali ndi pakati mpaka mwana atakwanitsa chaka. Ulendo uno amayi anaigwiritsadi ntchito mbaulayo pafupifupi masiku onse, ndipo utsi umene ankapuma unatsika kufika pa mamaikulogalamu 24 a PM2.5 mu kiyubiki mita imodzi ya mpweya, pomwe anzawo ophikira nkhuni anali pa 71. Ngakhale zinali choncho, zotsatira zimene zinafalitsidwa mu New England Journal of Medicine mu 2022 zinaonetsa kuti ana obadwa mbali ya gasi ankalemera magalamu 2,921 pomwe a mbali inayo ankalemera 2,898, kusiyana kochepa kwambiri kumene kukhoza kungochitika mwamwayi. Mu 2024 zinatulukanso zotsatira zakuti chibayo choopsa ndi kupinimbira sizinasiyane. Kafukufuku wina wa ku Kintampo m'dziko la Ghana anapezanso zofanana.

Zotsatira za HAPIN zinatikhumudwitsa ambiri amene timagwira ntchito imeneyi, ndipo munthu woona mtima sayenera kuzibisa. Pali zinthu zingapo zofunika kuziganizira poziwerenga. Amayiwo analandira gasi mimba ili kale ndi miyezi itatu kapena inayi, atapuma utsi moyo wawo wonse. Gawo lalikulu la kafukufukuyo linagwera m'nthawi ya Covid-19, pamene chibayo cha ana chinachepa m'maiko ambiri chifukwa anthu sankasonkhana, komanso ana ambiri anali atalandira katemera wa chibayo. Ndipo akatswiri omwewo atayang'ana mayi aliyense payekha, anapezabe kuti amene anapuma mwaye wochuluka ankabereka ana opepukirapo. Choncho utsi uli ndi gawo lake, kungoti gawolo ndi laling'ono kusiyana ndi mmene tinkaganizira pa matenda a ana aang'ono, ndipo limabisika pakati pa zifukwa zina zamphamvu.

Kuno kwathu zifukwa zamphamvuzo timazidziwa bwino. Mwana amabadwa wochepa thupi chifukwa cha malungo a mayi ali woyembekezera, kuchepa kwa magazi, kusowa zakudya zamagulu, matenda opatsirana pogonana osachizidwa, kutenga pakati mtsikana asanakhwime ndi kubereka pafupipafupi. Mayi woyembekezera wa m'gulu lanu akakhala ndi ndalama zochepa, n'kumasankha pakati pa mbaula yatsopano ndi thiransipoti yopitira kusikelo, asankhe sikelo. Kumeneko ndi kumene amalandira mankhwala a Fansidar oteteza malungo, neti, mapiritsi owonjezera magazi, komanso kuyezedwa kuthamanga kwa magazi, HIV ndi chindoko, ndipo zonsezi umboni wake wopulumutsa moyo ndi wolimba kuposa wa mbaula iliyonse.

Pali chinthu chimodzi chimene ine ndimachiona ngati chofooka pa kafukufuku yense wamkuluyu, ndipo chikukhudza inu mwachindunji. Pafupifupi onse ankayeza ana, ndipo ankawatsatira kwa chaka chimodzi kapena zaka ziwiri zokha. Mayi wophikayo ankaonedwa makamaka ngati wonyamula mwana, pomwe matenda amene utsi umam'bweretsera iye mwini, monga kutsekeka kwa mapapo, ng'ala, matenda a mtima ndi sitiroko, amatenga zaka makumi kuti aonekere. Umboni wa nthawi yaitali umene ulipo unachokera ku Xuanwei m'dziko la China, kumene amayi ambiri sankasuta fodya koma ankadwala khansa ya m'mapapo kwambiri chifukwa chophikira malasha m'nyumba zopanda chumuni. Mabanja amene anaika chumuni anachepetsa khansayo pafupifupi ndi theka, komanso matenda otseka mapapo, koma kusiyanako kunaonekera bwino patapita zaka pafupifupi khumi. Malasha si makala athu, choncho nambalazo sitingazisamutse momwe zilili, koma phunziro la nthawi ndi lomveka. Ku Ibadan m'dziko la Nigeria, kafukufuku wocheperapo wa amayi oyembekezera 324 anapeza kuti amene anapatsidwa mbaula ya ethanol anali ndi kuthamanga kwa magazi kotsikirapo pofika kumapeto kwa mimba. Izi ndi zizindikiro zakuti thupi la mayi limapindula utsi ukachoka, ngakhale kuti phindulo siliwerengeka msanga.

Tsopano tibwere ku mitengo, chifukwa alangizi aja pa mfundo iyi ananena zoona. Mbaula yadothi kapena yachitsulo yokhala ndi dothi m'kati imasunga kutentha n'kukuloza kumphika, m'malo moti kuzingobalalika, ndipo banja limaona thumba la makala likukhalitsa. Kafukufuku wa mu 2007 anawerengera kuti mizinda inayi ya dziko lino inkagwiritsa ntchito matumba a makala oposa 6 miliyoni pa chaka, ndipo kuchokera nthawi imeneyo anthu a m'mizinda achuluka kwambiri. Makala amene amalowa mu Blantyre pa njinga ndi pa malole kudzera ku Zalewa ndi ku Chikwawa amachokera m'nkhalango za Neno, Mwanza ndi madera ena a m'mbali mwa Shire. Mitengo ikatha kumeneko, mvula imakokolola dothi n'kulitsira mumtsinje, matope ndi zinyalala zimadzaza pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira pamene timapangira magetsi, magetsi amazima, ndipo ngakhale mabanja okhala ndi kuka ya magetsi ku Namiwawa kapena ku Chinyonga amatuma mwana kukagula makala. Mu January 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati a magetsi pafupifupi 130, ndipo kwa chaka chathunthu mbaula inali pakhomo la wina aliyense.

Za phiri la Ndirande simufunika kuuzidwa ndi ine, chifukwa akuluakulu a m'gulu lanu akukumbukira pamene linali ndi mitengo. Mu March 2023 namondwe Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Chimene chinayambitsa ngoziyo ndi mvula yoopsa imene inagwa masiku angapo osaleka, ndipo sichilungamo kuloza chala mayi wogula makala a tsiku limodzi. Komabe phiri lopanda mitengo siligwira dothi, ndipo madzi akasefukira ndi amayi amene amatsala ndi ntchito yotunga madzi kutali, kusamalira odwala kolera ndi kuchirira m'misasa. Apa ndi pamene thanzi la amayi, umoyo wa anthu onse ndi chitukuko chokhazikika zimakumana. Pa zolinga 17 zimene maiko a United Nations anagwirizana mu 2015, chachitatu ndi cha umoyo, chachisanu ndi cha kusasiyana pakati pa amayi ndi abambo, ndipo chachisanu ndi chiwiri chimanena kuti pofika 2030 aliyense akhale ndi mphamvu zamakono zophikira ndi zowunikira. Dziko lathu linaika cholinga chogawa mbaula 2 miliyoni pofika 2020 ndipo linalengeza kuti lakwanitsa, koma kuwerenga mbaula zogawidwa ndi kosavuta kusiyana ndi kuwerenga mbaula zimene zikuyakabe patapita zaka zitatu.

Malamulo a nkhalango anakhwimitsidwa mu 2020, ndipo makala opanda chilolezo amalandidwa pa marodibuloko. Ine ndimaona kuti kulanda matumba pomwe mzinda wonse ulibe china chophikira kumangokweza mtengo, ndipo amene amamva kuwawa ndi mayi wogula ka jumbo kamodzi madzulo komanso mayi woyika makala m'timilu pamsika. Chimene chingatsitse utsi wa dera lonse ndi magetsi odalirika ndi otsika mtengo, gasi wogulitsidwa pang'onopang'ono malinga ndi thumba la munthu, makala ochokera m'minda ya mitengo yololedwa, komanso kutolera zinyalala kuti anthu asazitenthe. Izi si zogula ndi masheya a banki mkhonde. Ndi ntchito ya khonsolo ya mzinda, boma ndi makampani a magetsi, ndipo gulu ngati lanu lili ndi ufulu wozifunsa kwa khansala ndi phungu wanu mofanana ndi mmene mumafunsira za madzi ndi misewu.

Mukhalenso tcheru ndi mbaula zaulere kapena zotsika mtengo modabwitsa zimene zimabwera ndi fomu yosayina. Zambiri mwa izo zimalipiridwa ndi malonda a kaboni, momwe kampani yakunja imagula umboni wakuti mbaula yanu yachepetsa mpweya wotenthetsa dziko. Malondawa si oipa pa okha, ndipo afikitsa mbaula kwa anthu amene sakanaigula. Koma kafukufuku wa akatswiri a pa yunivesite ya California ku Berkeley, wofalitsidwa mu January 2024, anapeza kuti ntchito zambiri zotere padziko lapansi zinkakokomeza phindu lake pafupifupi ka 9. Musanasayine, funsani kuti mbaula ikasweka adzakonza ndani, zipangizo zake zimapezeka kuti, komanso kuti fomuyo ikupereka chiyani kwa kampaniyo.

Ku gulu lanu mukanene mosabisa kuti mbaula yabwino imapulumutsa ndalama, nthawi ndi khungu la ana, koma siilowa m'malo mwa katemera kapena chipatala. Mukatero, kambiranani za malo ophikira, chifukwa pamenepa pali phindu losafuna ndalama. Kuphikira panja kapena pakhonde lopita mphepo kumachepetsa utsi wopumidwa kuposa kusintha mbaula m'chipinda chotseka. Mbaula ya makala iyatsidwire panja mpaka makala atafiira. Ndipo chonde, m'miyezi ya June ndi July chiperoni chikabwera, musalowetse mbaula m'chipinda chogona n'kutseka chitseko ndi mawindo. Mpweya uja wopanda fungo umayamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi tulo, ndipo banja lonse likhoza kugona osadzukanso. Munthu akapezeka atafooka m'chipinda chotere, mutulutseni panja nthawi yomweyo ndi kuthamangira naye kuchipatala, osayamba kumupatsa mkaka kapena kudikira kuti kuche. Kwa mayi woyembekezera ngozi imeneyi ndi yaikulu kwambiri, chifukwa magazi a mwana wosabadwa amagwira mpweyawu mwamphamvu kuposa a mayi ake.

Chizolowezi china chofala m'makwalala athu ndi kuyatsira makala ndi jumbo, zidutswa za matayala kapena mabotolo apulasitiki. Utsi wake uli ndi poizoni amene mulibe m'nkhuni, ndipo woyatsayo amakhala atawerama pomwepo n'kumauzira. Mapepala, zitsononkho ndi tinkhuni touma zimagwira ntchito yomweyo. Nkhuni zaziwisi zimafuka kwambiri kuposa zouma. Kuvundikira mphika, kunyika nyemba m'madzi usiku wonse, ndi kukonzeratu ndiwo moto usanayatsidwe kumafupikitsa nthawi yokhala pautsi. Amayi a geni ya mandasi, zitumbuwa ndi tchipisi ndi amene amapuma utsi maola ambiri kuposa onse, choncho ngati gulu likufuna kuyamba ndi anthu ochepa, liyambe ndi iwowa.

Mwana wakhanda asamakhale kumbuyo pamene mayi akupemerera moto, ngati pali wina womugwirizira. Dziko lino linayamba kupereka katemera wa chibayo wa PCV13 mu November 2011, ndipo katemera ameneyu, pamodzi ndi wa chikuku ndi kuyamwitsa mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi, ndi zimene zatsimikizika kuti zimateteza. Mayi aliyense adziwenso kuwerenga kapumidwe ka mwana wodwala chifuwa. Mwana wa miyezi iwiri mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu akamapuma ka 40 kapena kuposa, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Nthiti zikamalowa m'kati popuma, kapena mwana akakana kuyamwa, akamakomoka kapena kufooka kwambiri, musadikire ngakhale ola limodzi.

Mayi mwini wake asamazolowere chifuwa n'kumati ndi utsi basi. Kutsokomola kopitirira milungu iwiri, kutuluka thukuta usiku, kuwonda kapena makhololo a magazi zimafuna kuyezetsa TB, ndipo kuyezetsako ndi kwaulere m'zipatala za boma. Kubanika pokwera chitunda chimene kale munkakwera mosavuta kukhoza kukhala mapapo, mtima, mphumu kapena kuchepa kwa magazi, ndipo chilichonse mwa izi chili ndi chithandizo chake. Magulu ena amaitana mlangizi wa zaumoyo kapena namwino pa tsiku logawana ndalama kuti ayeze kuthamanga kwa magazi kwa mamembala onse, ndipo ine ndimaona kuti imeneyi ndi njira yotsika mtengo yopezera matenda amene utsi umawonjezera asanafike pa sitiroko.

Pa za ngongole, amayi anzanu asadandaule. Ku Nairobi kuja anapeza kuti mabanja ankalephera kugula mbaula yopindulitsa chifukwa chosowa ndalama zolipira pakamodzi, ndipo atapatsidwa mwayi wolipira pang'onopang'ono, ndalama zimene anali okonzeka kupereka zinawirikiza kawiri. Banki mkhonde ikugwira ntchito yomweyo. Chofunika ndi kuwerengera nokha, osadalira mawu a wogulitsa. Mamembala angapo alembe ndalama zimene amagulira makala kwa mwezi umodzi pa mbaula yakale, kenako mwezi wina pa yatsopano, pophika zakudya zofanana, ndipo gulu lione kuti ngongole ingadzibweze yokha m'miyezi ingati. Wofuna gasi awerengere mtengo wodzazitsa silinda ndi ulendo wokadzazitsa, osati mtengo wa mbaula yokha, chifukwa masilinda ambiri amathera pakona gasi woyamba akatha. Wokhala ndi magetsi m'nyumba aganizire za poto wamagetsi wophika ndi nthunzi yotsekeredwa, amene amapsetsa nyemba ndi nyama yolimba ndi mayunitsi ochepa, n'kusiya mbaula ya makala kuti ikhale ya nsima ndi ya masiku amene magetsi azima.